PHUNZIRO LA MWEZI UNO: Kodi Ziwerengero za Edzi Zimachokera Kuti?

Achinyamata anzathu, timamva pa wailesi kuti anthu akutiakuti mwa anthu 100 aliwonse ali ndi kachilombo ka HIV. Ena amati ziwerengerozi nzongopeka. Ife alangizi a zaumoyo, amene timalemba nawo m'makaundula, tikufuna tifotokoze njira imene nambala imayenda.

Kuchokera m'kaundula kupita m'kompyuta

Choyamba ndi kulemba. Munthu akayezetsa magazi, kapena akayankha mafunso a kafukufuku, timalemba zaka zake, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndi zotsatira zake. Chachiwiri, zolembazo amazilowetsa m'kompyuta. Ofufuza asanayambe kuwerengera amachotsa mayina n'kuikapo manambala, choncho chinsinsi chanu chimasungika.

Chachitatu ndi kukonza zolakwika. Pulogalamu ya kompyuta imatha kutola zinthu zosatheka, monga mwamuna amene walembedwa kuti ndi woyembekezera, kapena nambala imodzi imene yalowa kawiri. Chachinayi ndi kuwerengera. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi Stata, SPSS ndi R, ndipo R ndi yaulere. Ntchito imene ikanatenga miyezi pamanja, iwo amaimaliza m'mphindi zochepa.

Zimene nambala imodzi imabisa

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa mu 2004, amene anachita a National Statistical Office a ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi anthu 12 mwa 100 a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilombo. Wa mu 2015 ndi 2016 anapeza pafupifupi anthu 9 mwa 100.

Koma atagawa ziwerengero za mu 2004 potengera zaka, kunaoneka chinthu chodetsa nkhawa. Pakati pa achinyamata a zaka 15 mpaka 24, atsikana 9 mwa 100 anali ndi kachilombo, pamene anyamata anali 2 okha. Akanangoyang'ana nambala ya dziko lonse, vuto la atsikana likanabisika.

Chitsanzo cha kwathu ku Mchinji

A MaiMwana Project anagawa mbali ya boma lathu m'madera 48. Mwa njira ya maere, madera ena anakhala ndi magulu a amayi, ena alangizi odzipereka ophunzitsa za kuyamwitsa, ena zonse ziwiri, ndipo ena anakhala ongoyerekezerapo. Kuyambira 2005 mpaka 2009 anatsatira ana obadwa oposa 26,000. Zotsatira zinatuluka mu 2013 m'magazini ya The Lancet. M'madera a magulu a amayi amene munalibe alangizi aja, imfa za amayi pa uchembere ndi za makanda zinatsika kwambiri. Maere aja anathandiza kuti ofufuza asadzisankhire midzi yabwino, ndipo kuwerengera kunathandiza kuona ngati kusiyanako sikunangochitika mwamwayi.

Tisamale pomva nambala

Tiyerekeze kuti pa chipatala china apeza anthu 20 ali ndi kachilombo, pa china 10. Kodi vuto lakula pati? Sitingadziwe tisanafunse kuti anayeza angati. Ngati choyamba chinayeza anthu 400, ndiye 5 mwa 100. Ngati chachiwiri chinayeza 50, ndiye 20 mwa 100.

Kumbukiraninso kuti tili m'malire. Anthu amawoloka pa Mwami kupita ku Chipata, enanso amabwera kuno kudzalandira thandizo. Choncho nambala ya pa chipatala si nambala ya mudzi wozungulira chipatalacho.

Udindo wathu

Kompyuta sidziwa bodza. Mukabisa zaka zanu kapena kunama za makondomu, imawerengera bodzalo ngati choona, ndipo mankhwala a ARV, zida zoyezera magazi ndi uphungu zingapite kolakwika. Muli ndi ufulu wokana kulowa m'kafukufuku, koma mukavomera, nenani zoona.

Mafunso okambirana pa kalabu

1. N'chifukwa chiyani atsikana ambiri anapezeka ndi kachilombo kuposa anyamata a msinkhu wawo?
2. Mukamva nambala pa wailesi, mungafunse mafunso ati musanaikhulupirire?
3. Kalabu yathu ingalembe chiyani mwezi uliwonse, popanda kutchula dzina la munthu?