Chizungulire Chosatha Pamene Zoyeza Zonse Zili Bwino

Pali anthu amene amamva chizungulire pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 3 kapena kuposerapo. Kuchipatala awayeza magazi, BP, shuga ndi malungo, osapeza kanthu. Akagona amapezako bwino, koma akangoimirira n'kuyamba kuyenda amamva ngati akwera bwato pamadzi. Mumsika momwe anthu akupiringizana, m'mbali mwa msewu wa magalimoto ambiri, kapena poyendetsa zithunzi pafoni, zimafika poipa.

Matendawa ndi enieni. Madokotala amawatchula kuti PPPD, ndipo bungwe la akatswiri la Bárány Society linagwirizana za zizindikiro zake mu 2017. Wodwalayo sakunamizira, komanso sanalodzedwe.

Kuti munthu aime osagwa, ubongo umadalira maso, mkati mwa khutu ndi mapazi. Nthawi zambiri vutoli limabwera pambuyo pa matenda a mkati mwa khutu, mutu waching'alang'ala, kumenyetsa mutu kapena mantha aakulu odzidzimutsa. Choyambitsacho chimatha, koma ubongo umakhalabe tcheru. Umadalira maso mopitirira muyeso, thupi n'kumauma poopa kugwa.

N'chifukwa chake kubindikira m'nyumba kumangokulitsa vutoli. Inu achibale, chifundo chomuletsa wodwala kusesa kapena kupita kutchalitchi sichimuthandiza. Muperekezeni, ayende pang'ono lero, mawa awonjezere. Palinso masewera ochitira kunyumba: lembani chilembo chachikulu papepala, mumate pakhoma. Akhale pampando, achiyang'anitsitse uku akutembenuza mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, maso osachoka pachilembocho. Chizungulire chikakwera pang'ono asaope. Apume, chikatsika abwerezenso. A fiziyo kuchipatala amaphunzitsa masewera ena otere.

Dokotala angapereke mankhwala monga sertraline, poyambira pa mlingo wochepa. Zotsatira zake zimaoneka pakapita masabata 8 mpaka 12, choncho musawasiye msanga. Uphungu wothandiza kuthana ndi mantha umathandizanso kwambiri. Mapiritsi oletsa chizungulire ogula nokha si omwa miyezi yambiri, chifukwa amachedwetsa ubongo kuzolowera.

Koma thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngati chizungulire chabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kufooka mbali imodzi ya thupi, kupindika kamwa, kulephera kulankhula bwino, kuona zinthu ziwiriziwiri, mutu woopsa, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka. Izi zingakhale sitiroko kapena vuto la mtima.