Kuphunzitsa Mwana Wamng'ono Pakhomo Potsata Chimene Chamukopa

M'boma la Marávia, kuchokera m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa kukafika kumalire a Zambia, mwana amalembetsa kalasi yoyamba pa zaka 6, monga likunenera lamulo la maphunziro la Mozambique la mu 2018. Asanafike pamenepo, zaka zake zonse amakhala m'manja mwa apakhomo. Sukulu za mkombaphala, zija timati eskolinya, n'zochepa m'dziko lonse lino, ndipo banja la m'midzi ya ku Chiputo, Malowera kapena Chipera, kutali ndi Fingoè, likulu la bomali, silingapinde manja kudikira kuti tsiku lina adzamanga ina pafupi. Makolo ena amaona ngati mwana akungotaya nthawi, choncho amayamba kumuloweza a, e, i, o, u asanathe n'komwe kutchula dzina la agogo ake. Cholinga chawo n'chabwino, koma njirayo ndi yolakwika. Mwana wa chaka chimodzi kufika zaka 3 amaphunzira ndi manja, pakamwa ndi miyendo, ndipo chimene amachigwira msanga ndi chija wachisankha yekha. Zipangizo zake zili kale pabwalo: lichero, chikho, dothi, madzi, zitsononkho. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu wamkulu woti aone chimene chakopa mwanayo, amulole kuchigwira, n'kumacheza naye za chinthucho.

Umboni wake ulipo, ndipo suchokera m'nyumba za anthu olemera. Mu 1986 ndi 1987, m'madera osauka a mzinda wa Kingston ku Jamaica, gulu la Sally Grantham-McGregor linatenga ana 129 opinimbira, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa mabanja a anawo ankayenderedwa ndi wazaumoyo wa m'deralo ola limodzi pa sabata kwa zaka 2. Ntchito yake inali kuonetsa mayi mmene angasewerere ndi mwana, kumulankhula ndi kumuyamikira, pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20 ofufuza anawalondola anawo, ndipo zimene zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2014 zinaonetsa kuti a m'mabanja oyenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi 25 peresenti kuposa anzawo amene sanalandire chithandizocho. M'dziko lathu lomwe lino, m'chigawo cha Gaza, bungwe la Save the Children linayambitsa mu 2008 timasukulu ta m'midzi tophunzitsidwa ndi anthu ongodzipereka a m'mudzi momwemo, ndipo kafukufuku wa World Bank wa mu 2012 anapeza kuti kulembetsa kupulayimale kwa ana amene anapitako kunakwera ndi 24 peresenti. Konse kuwiriku amene anagwira ntchitoyo anali anthu wamba okhala ndi zipangizo wamba. Palibe chifukwa choti mayi wa ku Malowera alephere.

Yambani ndi kuonerera. Kwa masiku angapo musamupatse chilichonse chatsopano. Ingoonani kumene amathamangira mukamutsitsa kumsana. Mwana wina amangofuna kuika zinthu m'chitini, kuzikhuthula, n'kuikamonso. Wina mtima wake wonse uli pamadzi. Wina amanyamula chilichonse cholemera kuchoka nacho pakhonde mpaka kukhola, ndipo wina akungofuna pokwera. Kubwerezabwereza kumene kumatopetsa akulu ndiye phunziro lakelo: akufuna aone ngati madzi a m'chikho angakwane m'kachitini, ngati mwala umira lero monga unamirira dzulo, chitsononkho chili choyandama. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula nyumba ya ana mu 1907 m'dera losauka la San Lorenzo mumzinda wa Rome, anaona ana akusiya zidole n'kusankha ntchito zenizeni monga kusesa ndi kupukuta, ndipo ankakhazikika nthawi yaitali pa chimene asankha okha. Agogo a kumudzi amazidziwa izi popanda kuwerenga buku, chifukwa aona kangapo mwana akutaya chidole n'kulirira mthiko.

Mukadziwa chimene akufuna, konzani malo, pakuti ndi malo okonzedwa amene amakupatsani mpata womusiya momasuka osamangokuwa kuti "siya, siya!" Sankhani pamthunzi pamene mungamuone muli pantchito, sesani minga ndi magalasi osweka, yalani mphasa, ndipo pamafuwa pakhale patali. Ndowa kapena beseni lisasiyidwe lodzaza, chifukwa mwana wamng'ono amatha kumira m'madzi ochepa mutu ukangolowa. Madzi osewerera akhale ongophimba pansi pa beseni, inu muli pomwepo. Mabanja olima fodya ndi thonje asamale koposa. Zigubu ndi mabotolo a mankhwala opopera zisasanduke zoseweretsa ngakhale zitatsukidwa, ndipo mwana asagone kapena kusewera m'chigafa pa masamba aawisi a fodya, chifukwa nikotini amalowa pakhungu, makamaka tsamba likakhala lonyowa, n'kubweretsa chizungulire ndi kusanza. Nyemba, mtedza ndi njere za chimanga zimatsamwitsa, komanso ana amakonda kuziika m'mphuno ndi m'makutu. Wosakwana zaka 3 mupatseni zinthu zosalowa m'kamwa: zitsononkho, malambe osaswa, miyala yosalala yoposa chibakera chake, zikho, timapoto takale. Musamuunjikire zambiri nthawi imodzi. Zitatu kapena zinayi m'kadengu kamene amafikira yekha zakwana, ndipo mukaona kuti chinthu chamukwana, chichotseni n'kuikapo china.

Kenako mulowetseni m'ntchito yeniyeni, koma yochepetsedwa kufika pa msinkhu wake. Mukamatsuka mbale, mupatseni kapu imodzi ndi kansanza. Mukamasinja, iye akhale ndi chitini ndi kamtengo, azisinja masamba. Kudimba anyamule kachitini koboola pansi azithirira mzere wake wa mpiru. Bambo akamakonza njinga kapena kuluka nkhokwe, mwana akhale wopatsira, ndipo amve dzina la chilichonse chimene akupereka. Kaonetsedwe kake ndiko kofunika: chitani kamodzi pang'onopang'ono iye akuona, mawu achepe, kenako chotsani manja anu. Adzataya madzi, adzavala malaya chozondoka, adzasesa zinyalala kubwerera nazo kumene mwasesa. Mukamulanda kuti zichitike msanga, mwapulumutsa kanthawi kochepa koma mwamuphunzitsa kuti iye sangathe. Akataya madzi, mupatseni nsanza apukute, pakuti kupukutako ndi gawo la ntchitoyo. Masiku amvula dongo lili ponseponse. Aumbe ng'ombe, timiphika kapena chibulumwa chopanda dzina, ndipo musamuumbire chanu chokongola choti ayerekeze nacho. Kukanda dongo, kutola tizitsotso, kujambula pamchenga ndi chala kapena pamwala ndi khala, zonsezi zikulimbitsa zala zomwe zidzagwire pensulo akadzalowa m'kalasi.

Masamu nawo ali momwemo. Mwana amene amaloweza manambala mpaka 20 koma sangakupatseni mango awiri mukamupempha sanayambe kuwerenga, akungoimba. Werengani naye nkhuku zikamalowa m'khola madzulo, mukuloza imodziimodzi. Pa chakudya mupempheni abweretse kapu ya agogo, ya bambo, yake, kuti aone kuti munthu aliyense ali ndi imodzi. Mawu ngati chachikulu, chaching'ono, cholemera, chopepuka, chodzaza, chopanda kanthu, pamwamba ndi pansi amalowa bwino pamene chinthucho chili m'manja mwake.

Koma mwa zonse chachikulu ndi kulankhula, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amaperewera, chifukwa pali chizolowezi choganiza kuti mwana wosayankha sachezeka. Tsatani maso ake. Akaloza mbuzi n'kunena kuti "mee", musamuwongolere mwaukali; muyankheni kuti, "Eee, ndi mbuzi ya amalume, ikudya makoko." Mukatero khalani chete pang'ono, mumupatse mpata woti abweze, ngakhale ndi mawu osamveka. Kusinthana kumeneku, iye kunena inu kuyankha, ndiko kumamanga chilankhulo. Pomusambitsa tchulani ziwalo. Panjira ya kumjigo tchulani mitengo ndi mbalame. Madzulo pa nthano mwana wa zaka 2 satsatira nkhani yonse, koma amaphunzira kudikira nthawi yake n'kuvomera kuti "tili tonse" pamodzi ndi akulu ake, ndipo kumeneko n'kuphunzira kumvetsera. Foni singalowe m'malo mwa izi chifukwa siyankha mwana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2019, linati ana osakwana zaka 2 asamaonetsedwe makanema, ndipo a zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Ena adzati: nanga poti kusukulu, kuchipatala ndi kumaofesi a boma n'Chipwitikizi, si bwino kuyamba nacho msanga? Nkhawayi ndi yomveka, koma kholo limene Chipwitikizi chake n'chongopemphera mchere likaumirira kulankhula ndi mwana m'chinenerocho, mwanayo amamva mawu ochepa, obwerezabwereza, opanda nthabwala kapena mwambi. Kholo lomwelo m'Chinyanja kapena m'Chinsenga lili ndi mawu osatha. Chigawo chathu cha Tete chinayesapo kale nkhani imeneyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inaphunzitsa ana a m'sukulu zingapo za ku Tete m'Chinyanja choyamba, Chipwitikizi n'kulowa pambuyo, monga inachitiranso ndi Chichangana ku Gaza. Owunika ntchitoyo anaona ana akuyankha ndi kufunsa momasuka m'kalasi, ndipo kuyambira mu 2003 boma linayamba kulowetsa maphunziro a zinenero ziwiri m'sukulu zina za pulayimale. Mwana amene amadziwa kufotokoza, kufunsa ndi kutsatira nkhani m'chilankhulo cha amake amapita nalo lusolo m'chinenero chachiwiri. Ngati pakhomo pali wodziwa bwino Chipwitikizi, acheze naye ndithu. Zinenero ziwiri sizisokoneza mwana.

Dandaulo lolemera kwambiri ndi la nthawi. M'dzinja, kupalira ndi kubandira zikagundana, mayi amatuluka kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka, madzi ndi nkhuni zikumudikira. Sikungakhale chilungamo kumuuza kuti apatule ola la sukulu. N'chifukwa chake palibe chilichonse mwa zimene zanenedwazi chimene chikufuna nthawi yapadera: zonse zimalowa m'ntchito yomwe ikuchitika kale. Chimene chikufunika kumunda n'kumutsitsa mwana kumsana pafupipafupi. Malangizo a WHO aja amati mwana wa chaka chimodzi kufika zaka 3 aziyenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 patsiku, ndipo asamangidwe malo amodzi, ngakhale kumsana, kupitirira ola limodzi nthawi imodzi. Pamunda wa njoka ndi makasu izi sizikhala zapafupi, komabe mphasa pansi pa mtengo, kadengu kake ka zinthu, ndi munthu womuyang'ana mosinthana zimathandiza. Ntchitoyi isagwere mayi yekha. Bambo, agogo ndi azakhali onse ali ndi manja ndi pakamwa. Ana okulirapo ndi aphunzitsi abwino pa masanje, koma mtsikana wa zaka 8 asajombe kusukulu chifukwa cholera mng'ono wake.

Akuluakulu ena amaopa kuti kutsata zofuna za mwana n'kumulekerera, ndipo amakumbutsa kuti kuwongola mtengo m'poyamba. Akunena zoona kuti mwana amafuna malire. Koma chimene mwana akusankha pano ndi choti agwire mwa zinthu zimene inu mwamuikira. Za moto, mpeni, chitsime ndi kumenya mnzake amalamula ndinu, ndipo "ayi" wanu akhale wachidule, wosasintha tsiku ndi tsiku. Akamaliza, abweze zinthu m'dengu. Kulandira ndi manja awiri, kupereka moni ndi kuthokoza amaphunzira poona inu mukuchita, ngakhale kwa iye mwini. Mwana amene amamenyedwa dzanja nthawi iliyonse akagwira chinthu amasiyadi kugwira, koma amasiyanso kufunsa, ndipo ndi yemweyo amene aphunzitsi adzamudandaule kuti satsegula pakamwa m'kalasi.

Zonsezi zimayenda mwana akakhala wokhuta ndi wathanzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2022 ndi 2023 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Mozambique ndi opinimbira, ndipo mwana wanjala kapena wodwaladwala malungo sakhala ndi chidwi chofufuza. Phala likhale lothira nsinjiro, ndipo dzira, nyemba zophika zofewa, masamba ndi kapenta wosinja zizipezeka m'mbale mwake. Muloleni azidya yekha ngakhale adzipake, inu mukumulimbikitsa. Musadumphe masiku a sikelo ndi katemera, ndipo azigona mu neti. Ana amasiyana liwiro la kakulidwe, koma ngati wafika miyezi 18 asanayambe kuyenda, ngati pa zaka 2 sakulumikiza mawu awiri, ngati satembenuka mukamuitana kuchokera kumbuyo, ngati khutu likutuluka mafinya, kapena ngati wasiya kuchita zimene ankatha kale, musadikire kuti zidzatha zokha. Uzani wazaumoyo wa m'mudzi, uja timati APE, kapena pitani naye kuchipatala chapafupi mutanyamula khadi lake la sikelo, ndipo mufotokoze chimene mwaona ndi pamene chinayambira.