Kutchula Mfundo Imene Wina Adamanga Kale

Pabwalo la milandu, munthu akafuna kubwereza mfundo imene wina wamanga kale, salankhula ngati kuti mfundoyo ndi yake. Amayamba ndi mawu akuti, "Monga anenera ankhoswa," kapena, "Malinga ndi chigamulo cha amfumu." Potero amapereka ulemu kwa mwini mawu, ndipo omvera amadziwa kumene mfundoyo yachokera. Chingerezi nachonso chili ndi mawu otere. Mwana wa sukulu ayenera kuwadziwa bwino chifukwa amapezeka kawirikawiri m'mabuku a sayansi ndi a mbiri yakale. Nkhani ya madokotala amene adafufuza gwero la malungo ikuonetsa bwino ntchito ya mawuwa.

Kalekale anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi mpweya woipa wochokera m'madambo. Ngakhale dzina la Chingerezi la nthendayi, loti "malaria", lidachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza mpweya woipa. M'chaka cha 1880 dokotala wina wa ku France, dzina lake Alphonse Laveran, ankagwira ntchito ku Algeria. Tsiku lina adayang'ana magazi a munthu wodwala malungo pa maikulosikopu, chipangizo chimene chimakulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. M'magazimo adaonamo tizilombo tamoyo, ndipo adamanga mfundo yakuti tizilomboto nditimene timayambitsa malungo. Koma padatsala funso limodzi: kodi tizilomboto timalowa bwanji m'thupi la munthu?

Dokotala wina wa ku Scotland, Patrick Manson, adaganiza kuti udzudzu ndiwo umanyamula tizilomboto. Ankaganizanso kuti munthu amadwala akamwa madzi amene mudafera udzudzu. M'chaka cha 1894, mumzinda wa London, adafotokozera dokotala mnzake, Ronald Ross, maganizo akewa. Ross atabwerera ku India kumene ankagwira ntchito, adayamba kutumbula udzudzu wambirimbiri ndi kuupima. Pa 20 Ogasiti 1897, ku Secunderabad, adapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu umene udaluma munthu wodwala. Chaka chotsatira adayesa ndi mbalame, naonetsa kuti tizilomboto timalowa m'thupi pamene udzudzu ukuluma. M'chaka chomwecho cha 1898, Giovanni Battista Grassi ndi anzake ku Italy adatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo umapatsa anthu malungo.

Munthu wolemba nkhani imeneyi m'Chingerezi ali ndi njira zingapo zotchulira zimene aliyense wa madokotalawa adapeza. Njira iliyonse ili ndi tanthauzo lakelake.

Njira yoyamba ndi yongotchula mwini mfundo. Wolemba akhoza kunena kuti, "According to Laveran, malaria is caused by a parasite." Pa Chichewa ndiye kuti, "Malinga ndi Laveran, malungo amayamba ndi kachilombo." Akhozanso kulemba kuti, "Laveran concluded that malaria is caused by a parasite," kutanthauza kuti Laveran adamanga mfundo imeneyi atafufuza. Pa ziganizo ziwirizi wolemba sadanene ngati akuvomereza kapena ayi. Wangosonyeza kumene mawuwo achokera. Ana ambiri amalakwa powonjezera mawu akuti "he said" pambuyo pa dzina la munthu, chonsecho "according to" wakwanira kale. Ndiponso munthu sanena kuti "according to me" pofotokoza maganizo ake. Mawu oyenera pamenepo ndi akuti "in my opinion".

Njira yachiwiri ndi yovomereza. Wolemba akakhutira kuti mfundoyo ndi yoona, amayamba ndi liwu lakuti "as", limene limafanana ndi "monga" wa Chichewa. Akhoza kulemba kuti, "As Ross showed, mosquitoes carry malaria," ndiye kuti, "Monga Ross adaonetsera, udzudzu umanyamula malungo." Mawu ena a ntchito yomweyi ndi "found" ndi "proved", otanthauza kuti adapeza ndi kuti adatsimikiza. Wolemba mawu awa waima kumbali ya mwini mfundo, ndipo akuuza wowerenga kuti naye akhulupirire.

Njira yachitatu ndi yokayika. Mfundo ikakhala yopanda umboni, kapena ikapezeka pambuyo pake kuti inali yolakwa, wolemba amasankha mawu monga "thought", "believed" kapena "claimed". Chitsanzo ndi ichi: "Manson thought that people caught malaria from drinking water." Apa wolemba akuti Manson ankangoganiza chomwecho. Pa Chichewa munthu amachita chimodzimodzi akamati, "Akuti mvula igwa mawa," posonyeza kuti iye wangomva ndipo alibe umboni.

Nthawi zina mfundo imakhala yoona mbali imodzi, mbali ina yolakwa. Pamenepo wolemba amalekanitsa mbali ziwirizo: "Manson was right about the mosquito, but he was wrong about the water." Chiganizochi chikupatsa Manson ulemu pa zimene adalondola, koma sichikubisa pamene adaphonya.

Kusankha mawu molakwa kukhoza kusocheretsa anthu. Mwana atalemba kuti, "As Manson showed, people catch malaria from drinking water," wowerenga angayese kuti zimenezo zidatsimikizika. Munthu wotere akhoza kumawiritsa madzi akumwa mokhulupirika, koma n'kumagona wopanda neti, osakwiriranso zithaphwi zimene udzudzu umaswanamo. Kuwiritsa madzi n'kwabwino chifukwa kumateteza ku matenda otsekula m'mimba, koma sikuletsa malungo. Liwu limodzi lokha, "showed" m'malo mwa "thought", lingagonetse munthu m'chipatala.

Kusatchula konse mwini mfundo n'koipanso, pakuti kumafanana ndi kukolola m'munda mwa wina. Madokotala a m'nkhaniyi ankaidziwa bwino nkhani ya ulemu umenewu. Ross ndi Grassi adakangana kwa zaka zambiri polimbirana kuti adayamba ndani kupeza choona. Ross adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1902, Laveran adalandira yake m'chaka cha 1907, koma Grassi sadalandire. Komabe wowerenga mbiriyi amaona kuti Ross adayambira pamene Laveran ndi Manson adafika, ndi kuti Grassi adatsimikiza pa anthu zimene Ross adaona pa mbalame. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Wolemba wosamala amatchula mutu uliwonse umene udasenza nawo, ndipo amasankha mawu osonyeza ngati mfundo yake idatsimikizika kapena idali yongoganizira.

Mafunso

1. Kodi anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti malungo amabwera ndi chiyani?
2. Laveran adaona chiyani m'magazi a wodwala, ndipo chidali chaka chanji?
3. Tchulani mfundo ya Manson imene idali yoona ndi imene idali yolakwa.
4. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa "Ross showed" ndi "Ross thought"?
5. Chifukwa chiyani kusatchula mwini mfundo kwafanizidwa ndi kukolola m'munda mwa wina?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti mutu umodzi susenza denga.

Ntchito

A. Pangani ziganizo ndi mawu awa: gwero, kumanga mfundo, umboni, kuphonya, chigamulo.

B. Tanthauzirani ziganizo izi m'Chichewa:
1. According to the doctor, the child has malaria.
2. As our teacher showed, plants need sunlight.
3. Long ago people believed that bad air caused malaria.

C. Funsani munthu wamkulu kwanu za zizindikiro zimene zimasonyeza kuti mvula yayandikira. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza zimene wakuuzani. Chiganizo choyamba chiyambe ndi "Malinga ndi", chachiwiri ndi "Monga adanenera", chachitatu ndi "Akuti".