TIYENI TICHEZE KU MACAU

Macau ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, kumwera kwa dziko la China, pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Hong Kong. Ndi waung'ono zedi, wa masikweya kilomita 33 okha, koma muli anthu oposa 600,000. Apwitikizi adakhazikikako cha m'ma 1557 ndipo adaupereka m'manja mwa China pa 20 Disembala 1999. Mpaka lero maina a misewu amalembedwa m'Chitchaina ndi m'Chipwitikizi. Kwa ife aseminale, mzinda umenewu uli ndi phunziro, popeza ndiwo udali khomo la amishoni olowera ku China ndi ku Japan.

Konzekani musananyamuke

Safunsa adadya phula. Macau ali ndi malamulo akeake a anthu olowa, osiyana ndi a zigawo zina za China, choncho funsani za chiphaso chanu nthawi ikadalipo. Ambiri amatera pa ndege ku Hong Kong, kenaka nakwera sitima ya pamadzi kwa ola limodzi, kapena basi yodutsa pa mlatho wa makilomita 55 umene udatsegulidwa mu 2018. Ndalama yawo ndi pataca, komanso amalandira madola a ku Hong Kong. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu kuno.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Kuyambira Juni mpaka Seputembala kumatentha kwambiri ndipo kumaomba namondwe woopsa, monga uja wotchedwa Hato amene adapha anthu 10 mu Ogasiti 2017. Boma likachenjeza, khalani m'nyumba. Tengani nsapato zolimba, chifukwa mbali yakale ya mzindawu, imene bungwe la UNESCO lidaiika m'kaundula wake mu 2005, imaoneka bwino poyenda pansi.

Malo oyenera kuona

Yambirani pa bwalo la Senado, loyalidwa timiyala toyera ndi takuda monga ku Lisbon. Mukatero kwerani makwerero 68 opita ku mabwinja a tchalitchi cha Paulo Woyera. Ajezuwiti adachimanga pakati pa 1602 ndi 1640, mothandizidwa ndi akhristu a ku Japan amene adathawa mazunzo kwao. Chidapsa mu 1835, ndipo padangotsala khoma lakumaso. Pambali pake padali sukulu yaukachenjede imene Bambo Alessandro Valignano adayambitsa mu 1594. Bambo Matteo Ricci adafika ku Macau mu 1582 nayamba kuphunzira Chitchaina, kufikira adalandiridwa ku Beijing mu 1601.

Musaiwale Seminale ya Yosefe Woyera ya m'chaka cha 1728. M'tchalitchi chake amasunga fupa la mkono wa Francis Xavier Woyera, amene adamwalira mu 1552 pa chilumba cha Shangchuan, akudikira mwayi wolowa m'China. Woyera yemweyu adakhalapo miyezi ingapo pa chilumba cha Mozambique paulendo wake wa ku India. Dayosizi ya Macau idakhazikitsidwa ndi Papa Gregory XIII mu 1576. Mukapezekako pa 13 Meyi, mudzaona mdipiti wa Amayi Maria a ku Fatima, wochokera ku tchalitchi cha Dominiko Woyera kukafika pa phiri la Penha.

Pitaninso ku kachisi wa A-Ma, amene adalipo Apwitikizi asanafike. Si nyumba ya chipembedzo chathu, koma eni ake amapempheramo. Lowani mwaulemu, osasokosera, ndipo pemphani musanajambule munthu. Njala ikakupwetekani, lawani nkhuku yootcha ya tsabola imene amaitcha "galinha à africana".

Chenjezo

Chuma cha Macau chatsamira pa juga. Nyumba zotchoveramo juga ndi zazikulu, zowala usiku wonse, ndipo zili ndi mabasi aulere okokera alendo. Lamulo limaletsa aliyense wosakwana zaka 21 kulowamo. Ngakhale amene mwapyola zakazo, ndi bwino kungolambalala. Nyumbazo zidamangidwa ndi ndalama za anthu oluza, ndipo mlendo amene wataya ya thiransipoti kutali chotero alibe mbale womuombola.

Mnzathu amene adatsogola

M'munda wa Camões muli chiboliboli cha Andrew Kim Taegon Woyera. Iyeyu adachoka kwao ku Korea mu 1836 ali ndi zaka 15, msinkhu wa anzathu a Fomu 2, pamodzi ndi anzake awiri. Adayenda miyezi isanu ndi umodzi nafika ku Macau mu 1837 kudzaphunzira zaunsembe. Mmodzi mwa anzakewo adamwalira komweko. Kim adadzozedwa mu 1845, nakhala wansembe woyamba wa ku Korea, koma chaka chotsatira adamudula mutu kaamba ka chikhulupiriro, ali ndi zaka 25 zokha. Papa John Paul II adamulenga woyera mu 1984.

Tsono tisanadandaule za Chilatini kapena za kupukwa kumudzi, tiyeni tikambirane mafunso awa m'magulu mwathu:

1. Chifukwa chiyani Bambo Ricci adayamba waphunzira chinenero cha eni dziko asanalalike?
2. Kodi mkhristu azichita zotani akalowa m'nyumba yopemphereramo anthu a chipembedzo china?
3. Makolo a Kim adalola mwana wao kupita kutali chotero. Nanga makolo athu akutaya zotani kuti ife tikhale pano?