Tetezani chubu cha njinga yanu ku minga

Chubu chikabooka panjira, wakabaza amataya makasitomala, ndipo wodwala amachedwa kufika kuchipatala.

Matayala ena sabooka msanga chifukwa mkati mwa mbali yoponda pansi muli mphira wochindikala kapena ulusi wolimba wotchedwa Kevlar. Vuto lake amalemererapo ndipo ndi okwera mtengo.

Ngati simungakwanitse kugula, tengani tayala lakutha, dulani milomo yake iwiri yokhala ndi waya, kenako ikani chotsalacho pakati pa tayala ndi chubu. Salazani modulamo kuti musacheke chubu.

Popani mpweya wokwanira. Tayala lofewa likagunda mwala, chubu chimapanikizika ku limu n'kubooka pawiri.

Mukamata chubu, papasani mosamala mkati mwa tayala musanabwezeretse. Munga wotsalira umaboolanso.