Za Liu la Cingelezi Lakuti "Look"

Ciyambire caka ca 1975, pamene likulu la dziko linacoka ku Zomba ndi kukhazikika ku Lilongwe, ana athu ambiri acoka m'midzi kukafuna nchito kumeneko. Ena alembedwa m'maofesi a ku City Centre. Ena ali m'nyumba za mipanda za ku Area 9, kufupi ndi Old Town, kumene agwira nchito ya ulonda, yophika ndi yolera ana. M'nyumba zina za kumeneko malamulo aperekedwa m'Cingelezi, ndipo munthu akhoza kucotsedwa nchito cifukwa ca kaliu kamodzi kamene sanakamvetse.

Tonse tinaphunzira pasukulu kuti "look" ndiko kuyang'ana. Koma taonani cimene ticita ife eni: tikati yang'ana, yang'anira, yang'anitsitsa, yang'anana, tsinde ndi limodzi, koma mcira usintha tanthauzo. Angelezi acita comweco, kungoti mcira wao auika padera. Cifukwa cace mukamva "look" musathamange, dikirani mcira.

Mai wa panyumba akati "look after the child", afuna kuti mumsamale mwanayo, mumdyetse, mumcinjirize kumoto. Ndiko kuyang'anira kwathu kuja. Akati "look for the child", pamenepo zinthu zaipa: mwana wasowa, mumfunefune. Koma oopsa koposa ndi mau akuti "look out". Wosadziwa ayesa kuti amuuza kusuzumira kunja, pamene wopfuulayo alikuti, Cenjera! Kapena galimoto likudza, kapena galu wamasuka. Ndipo wosuzumirayo ndiye apwetekedwa.

Mkulu wa ofesi akati "I shall look into it", walonjeza kufufuza nkhani yanu. Ife tiona kuti nthawi zina imeneyi ndi njira yaulemu yotsanzikira munthu, ndipo nkwabwino kubwereranso kukakumbutsa. "Look over" ndiko kupenda kalata kapena akaunti. Koma mukatembenuza mauwo nimuti "overlook", mwanena zosiyana ndithu, ndiko kuphonya cinthu osaciona.

Atsala awiri amene ife Akristu tiyenera kuwadziwa. "Look up to" ndiko kulemekeza munthu, monga mwana alemekeza atate ace. "Look down on" ndiko kumpeputsa. Apa maso sagwira nchito konse, koma mtima. Kalata wa Yakobo, mutu 2, atsutsa mpingo wopatsa wolemera malo abwino ndi kupeputsa waumphawi. Ndipo wobwera kumudzi atavala nsapato za m'tauni acita bwino kuwerenga mutu umenewo asanapereke moni kwa amalume ace.

Mwezi uno yense alembe ziganizo zisanu ndi mau amenewa, nakazionetse kwa aphunzitsi atatha mapemphero a Lacitatu. Mwezi wamawa, Mulungu akalola, tidzatenga liu lakuti "put".