Mafunso Oyezera Mtendere wa Mumtima

Mwezi ndi mwezi amayi a ku Tsangano, ku Bilila ndi ku Kasinje, m'boma la Ntcheu, amanka ndi ana awo kusikelo, kumene mlangizi wa zaumoyo amampachika mwana, nawerenga makilogalamu, nalemba m'kabuku. Koma mayi wobereka mwanayo, chingakhale wachezera usiku wonse ndi nkhawa, nthawi zambiri amabwerera kwawo osafunsidwa kanthu, pakuti kulibe sikelo yopachikapo mtima. Malungo amaoneka m'dontho la magazi, kuthamanga kwa magazi amakuyeza ndi lamba wa pamkono, koma chisoni ndi kuganiza kwambiri zilibe makina ozionera. Makolo adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo akatswiri a zaumoyo, podziwa kuti mwini mtima ndiye mboni yake, adakonza mafunso oti munthu adziyankhire yekha.

Ena mwa mafunso otere ndi a bungwe la WHO, otchedwa SRQ-20, amene buku lake lolongosola kafunsidwe lidatuluka mu 1994. Mafunsowo alipo 20, yankho lake ndi inde kapena ayi, ndipo amanena za masiku 30 apitawo basi. Amayambira pathupi: ngati mutu umawawa kawirikawiri, ngati chakudya sichikulowa, ngati tulo tikuvuta, ngati manja amanjenjemera. Kenaka amalowa m'kati, nafunsa ngati munthu akulira koposa kale, ngati ntchito zimene ankazikonda zasiya kumkomera, ngati akudziona wopanda pake. Kuyambira pathupiku ndimakuyamikira kwambiri, chifukwa munthu wa kwathu, amene sanganene pamaso pa mlendo kuti ali ndi chisoni, sachita manyazi kunena kuti mutu wamuzunza.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Inde aliyense ndi 1, ayi ndi 0, ndipo zonse zikaphatikizidwa zimagwa pakati pa 0 ndi 20. Tiyerekeze mayi amene wati inde pa mutu, pa tulo, pa chakudya, pa mantha, pa kusakondwa, pa kulira, pa kulephera kuganiza bwino, pa kutopa nthawi zonse ndi pa ntchito yosayenda: ameneyo wapeza 9. M'madera ambiri malire amaikidwa pa 8, kotero mayiyu ayenera kuonana ndi namwino kapena dokotala kuti acheze naye mofatsa.

Malire amenewa sadachite kulota ayi. Mafunso akamasuliridwa m'chinenero china amayamba ayesedwa: anthu amawayankha, kenaka katswiri wa matenda a maganizo amacheza nawo mmodzimmodzi, ndipo zopeza za mbali ziwirizi zimalinganizidwa, kuti zioneke ngati mafunso akulozadi odwala ndi kusiya amoyo. Ntchito yotereyi adaichita Robert Stewart ndi anzake pakati pa amayi a ana aang'ono pachipatala cha Thyolo, nasindikiza zotsatira zake mu 2009. Palinso mafunso 9 otchedwa PHQ-9, onena za milungu iwiri yapitayo, amene safunsa inde kapena ayi koma kuti vutolo labwera masiku angati, yankho lililonse nkukhala pakati pa 0 ndi 3, zonse pamodzi nkulekeza pa 27. Amenewa Michael Udedi ndi anzake adawayesa m'Chichewa pakati pa odwala shuga ku Lilongwe, nalengeza mu 2019.

Komatu nambala si chiweruzo. Mayi woyembekezera amatopa, wodwala malungo mutu umamuwawa, wofedwa posachedwa amalira monga kuyenera, ndipo m'miyezi ya njala tulo timathawa ambiri. Onsewa angathe kudutsa malire popanda matenda a maganizo, pamene wina wosweka mtima zenizeni angathe kutsalira pansi pa malire chifukwa chobisa. Kupeza 9 kapena 12 sikutanthauza misala, sikutanthauzanso kulodzedwa kapena kuchepa chikhulupiriro, koma kuti katunduyo wafika poti wina amuone.

Kubisaku ndiko kumandidetsa nkhawa koposa. Tidaleredwa kuti munthu akatilonjera tiyankhe kuti tili bwino, kaya iwo, ndipo ulemu umenewu, wokoma panjira ndi pabwalo, ukalowa m'mafunso umawasandutsa achabe. Mtengwa sangavomere kuti amalira apongozi ake ali chikhalire pambali, ndipo bambo, poopa kusekedwa kuti ngofooka, angakane zonse 20. Chifukwa chake woyankha ali ndi ufulu wopempha malo apadera, ndi wopempha kuti funso limene sadalimve libwerezedwe. Amayi ndi abambo a sukulu ya kwacha ali ndi mwayi winanso, pakuti amene waphunzira kuwerenga angathe kugwira pepalalo yekha, nawerenga chamumtima, nachonga yankho lake popanda wina kumva.

Funso limodzi lokha silidikira kuphatikiza, ndilo lofunsa ngati munthu wakhala akuganiza zochotsa moyo wake. Amene wati inde pamenepo, ngakhale kwina konse atati ayi, asasiyidwe yekha, ndipo wachibale kapena mnzake wokhulupirika amperekeze tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi kapena kuchipatala chachikulu cha pa Ntcheu boma. Kumeneko achipatala adzamumva, nadzaona ngati akusowa uphungu, mankhwala, kapena kutumizidwa ku Zomba Mental Hospital.